Moni wa Bambo Mateyu pa Blogu

Loweruka, 14 Juni

Lero kwazizira, ndipo Joni yandikwana. Kusukulu ya kwacha ndauza ophunzira anga kuti alembe koyamba pa blogu yathu, pafoni. Bambo Mateyu, ogwira m'gadeni ku Randburg, ayamba ndi kupereka moni kwa abale onse a ku Thyolo, mmodzimmodzi, mpaka apongozi. Ndawauza mokalipa kuti blogu si kalata. Iwo akuti, "Aphunzitsi, munthu n'kuyamba nkhani osapereka moni?"

Tisanaweruke mwana wawo anali atayankha kale: "Ababa, mwalemba nokha?" Bambo Mateyu andionetsa yankholo, misozi ili lengelenge.

Nkhani imene ine ndinalemba pa blogupo ngati chitsanzo, yopanda cholakwika, mpaka pano palibe wayankha. Ndayamba ina: "Amayi, muli bwanji kumeneko? Ine kuno..."