Nsapato Zanu Ndikadali Nazo

Tsiku limene munatisiya kunali mvula ya mawawa, ija yosadziwika ngati ikugwa kapena yasiya. Lero zakwana zaka zisanu, mayi a kunyumba.

Mukundidziwa, sindine wa mawu ambiri. Munkati pakamwa panga ndinapasoka ndekha ndi ulusi wa nsapato. Zaka zonsezi ana ndiwo ankalemba chikumbutso chanu, ine n'kungovomera ndi mutu. Chaka chino ndalemba ndekha, chifukwa pali nkhani yoti muimve kwa ine.

Chithunzi chili pamwambachi ndi cha tsiku limene munasankhidwa kukaimira dziko lathu pa mpikisano wa nyimbo wa mayiko ambiri. Wojambula anakudulani m'mawondo. Amene sankakudziwani aziganiza kuti munavala nsapato zokongola. Munali osavala. Nsapato zinali m'manja mwanga, kuseri kwa katani.

Simunkaimba mutavala nsapato. Munkati ng'oma imalowera kumapazi, khutu limangomva pambuyo. Anthu ankaseka kuti mkazi wa wokonza nsapato akuimba mapazi ali pamtunda, inu n'kuyankha kuti mwamuna wanga amazikonza bwino, ndiye ndimaopa kuzitha. Ntchito yanga inali imodzi: kuima kuseri kwa katani nditazigwira. Simunkalola kuti ndiziike pansi. Munkati nsapato zikakhala pansi zimaitana mwini wake kuti achoke nyimbo isanathe. Mukamaliza munkabwera thukuta lili kamukamu, n'kuika dzanja paphewa panga, n'kukweza phazi, ine n'kukuvekani. Simunkandifunsa kuti mwaimba bwanji, chifukwa yankho munkalidziwa: zinali bwino. Tsiku la chisankho lija, oweruza atatchula dzina lanu, ndinati zinali bwino kwambiri. Munaseka mpaka misozi, n'kuuza woimba ng'oma wa gulu lanu kuti lero bambo alankhula ngati ali pamsonkhano.

Pokonzekera ulendo munandipempha nsapato zatsopano. Osati zoimbira, koma zoti ndikazigwire kunjako, anthu a mayiko ena akaone ntchito ya manja anga. Ndinasoka zachikopa chofiirira, chidendene chachifupi. Munaziyesa kamodzi m'shopu. Munayenda kuchoka pabenchi kukafika pakhomo, n'kubwerera, n'kunena kuti yakumanzere ikuthina pachala chaching'ono. Ndinati ndiikulitsa. Sabata yomweyo chifuwa chija chinayamba.

Ndege inanyamuka inu muli m'chipatala. Okonza ulendo anatumiza mtsikana wina ndi nyimbo yanu. Tinamuonera pa kanema wa m'wodi, inu mutatsamira pilo, ine pampando wa odwazika. Anavala zazidendene zazitali. Mavoti atawerengedwa, dziko lathu linali chakumunsi. Simunadandaule. Munangoti mwanayo mawu ali nawo, koma palibe anamuuza za nsapato. Sipanapite nthawi yaitali, inabwera mvula ija.

Nsapato zofiirirazo zakhala pa shelefu yapamwamba zaka zonsezi. Makasitomala akafunsa mtengo ndimati zili ndi mwini wake. Yakumanzere ija sindinaikulitse.

Kunyumba kuli zii. Wailesi ili pomwe munaisiya, ndimangoipukuta fumbi. Chimene chimandivuta kwambiri ndi nyundo. Munkakonda kuphunzira nyimbo zanu m'shopu, mutakhala pa chitini cha guluu chija munachisandutsa mpando, ndipo ndikasiya kukhoma munkati musaleke, mukundisungira kugunda kwa nyimbo. Masiku ano ndimakhomabe mwa kagundidwe komweko. Ndikazindikira ndimasiya, n'kudikira pang'ono, kenako n'kupitiriza.

Sindili ndekha pokusowani. Mchemwali wanu sadutsa pashopu osaima. Amakhala pa chitini chija, osalankhula, ine osalankhula, kenako n'kutsanzika. Woimba ng'oma uja amabweretsa nsapato zoti sizinang'ambike paliponse, ine ndimazipaka polishi n'kumubwezera. Mwana wathu wamwamuna amaimba foni Lamlungu lililonse kuchokera kuntchito kwake kutali kuja, ndipo amadandaula kuti amangolankhula yekha.

Tsopano nkhani imene ndati muimve. Mtsikana wathu analowa nawo chisankho cha chaka chino. Holo yomweyo, nsanja yomweyo, katani yomweyo. Anabwera kushopu kudzandipempha kuti ndikamugwirire nsapato. Ndinati ntchito yachuluka. Anayang'ana pabenchi, pomwe panali sandasi imodzi yoduka lamba, n'kutuluka. Mawu anatengera inu, koma kuuma khosi anatengera ine.

Tsikulo ndinakhala m'shopu. Wometa tsitsi wa chitseko chinachi anakweza kanema wake dala, ndipo nyimbo yonse inandipeza kudzera pakhoma. Anaimba bwino. Koma mawu ake anali m'mwamba mokha, ngati nyumba yopanda maziko. Zaka zonse zija kuseri kwa katani khutu langa linaphunzira kanthu. Atamutchula kuti wapambana, wometa uja anamenya khoma ndi chibakera mpaka misomali yanga inagwa pa shelefu.

M'mawa mwake anabwera. Sanandionetse chikho, anachisiya kunyumba. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Bambo, ndinaimba nditavala nsapato." Ndinamufunsa chifukwa chake sanapatse mchemwali wanu kapena mnzake wina. Anati, "Ogwira nsapato ndinu. Ena angaziike pansi."

Okonza ulendo amalola wachibale mmodzi kupita naye n'kukaima kuseri kwa nsanja. Iye wawauza kuti ndi ine, apo ayi malowo akhale opanda munthu, akaimbanso atavala. Akufuna yankho sabata ino isanathe. Ndinamuuza kuti ndege sindinakwerepo, chilankhulo cha kumeneko sindichidziwa. Anati, "Mukalankhula ndi ndani, inu amene ngakhale kuno simulankhula?" Anaseka kuseka kwanu kuja, kotseka diso limodzi. Ndinayang'ana kumbali.

Inu mukudziwa kuti si ndege imene ndikuopa. Ndikuopa katani. Ndikuopa kuti nyimbo ikatha dzanja lidzagwera paphewa panga, ndidzatembenuka, ndipo silidzakhala lanu. Zimenezi sindinauze munthu. Ndikuuzani inu, poti munkamva ngakhale zimene sindinanene.

Koma ndaganizanso za mtsikana uja tinamuonera m'chipatala, amene panalibe womuuza za nsapato. Wathuyu anauzidwa. Anakulira pa chitini chija, akukumverani. Akasowa womugwirira, mwana wanu akaima pamaso pa mayiko onse ng'oma isakumufika kumapazi, ine nditakhala kuno ndi sandasi ya munthu wina. Kaya akapambana, kaya akakhala chakumunsi ngati ulendo uja, zimenezo n'za oweruza ndi ovota. Zanga ndi nsapato basi.

Dzulo ndinatsitsa zofiirira zija. Chikopa sichinaume, ndakhala ndikuchipaka mafuta. Phazi la mwanayu ndalipima kuyambira ali wakhanda, sindifunika tepi: ndi lanu lenileni, mpaka chala chaching'ono chija chotulukira kunja. Nsapatozi zinasokedwa kuti zikagwiridwe kuseri kwa nsanja ya kunja. Zachedwa zaka zisanu, koma ulendo wake ndi womwewo. Ndikhulupirira simukana kumubwereka.

Mchemwali wanu, ana athu awiri, anzanu a gulu ndi ine mwamuna wanu sitinakuiwaleni, ndipo nyundo yanga ikadagunda, ine sindidzakuiwalani.

Mwanayo sindinamuuzebe, amva madzulo akabwera. M'mawa uno ndanyowetsa nsapato yakumanzere, ndaiika pa chikombole kuti ikule pachala paja, ndatseka shopu, ndapita kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti.