A Damião Mukhova, Amene Adakana Kukweza Besi

Bungwe la Oimba ndi Oimbitsa Nyimbo m'Boma la Milange
Milange, Okutobala 1990

Kwa Dona Januária Mukhova, ana ndi achibale onse, komanso kwa anthu a m'boma lino:

Bungwe lathu lalandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya Senhor Damião Mukhova, mmodzi mwa amene adaliyambitsa, omwe atisiya dzulo m'mawa atadwala chifuwa kwa kanthawi kochepa. Ndipo ngakhale m'zaka za nkhondozi maliro tachita kuwazolowera, awa okha atipweteka koposa.

Kwa zaka zambiri a Damião adayenda panjinga kuchokera kumalire a Muloza mpaka ku Molumbo, atamangirira kumbuyo mikisa yawo, makina osakanizira mawu aja, pamodzi ndi masipika awiri ndi batire ya galimoto, kukasangalatsa anthu pa maukwati ndi pa maubatizo. Alendo asanafike, iwo ankayamba ayesa kaseti payokha, chimbale pachokha, maikolofoni payokha, kufikira zonse zitafanana mphamvu, kuti nyimbo ina isadzidzimutse anthu inzake ikatha. Kasingano koonetsa kukula kwa mawu sankakalola kulowa pofiira, pakuti pamenepo mawu amasweka, sipika imapsa, ndipo makutu a ana amalira mpaka mawa lake. Ambiri a ife adatiphunzitsa ndi iwo timabatani titatu tija, ka besi, mawu aakulu ogunda aja, ka mawu apakati ndi ka mawu opyapyala, ndipo lamulo lawo lidali limodzi: woimba akapanda kumveka usakweze zonse, tsitsa chimene chikumukwirira. Ankakonda kunena kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Achinyamata adawapatsa dzina loti Senhor Tsitsani, iwo n'kumavomera akuseka.

Nkhondo itakula, adayamba chizolowezi china chimene chidawadanitsa ndi anthu. Akayika nyimbo, ankasiya makina n'kutuluka m'mudzi wapansi, khutu lili tcheru, mpaka pamene nyimboyo yazimiririka. Akapeza kuti yafika patali, ankabwerera kudzatsitsa besi. Ankati mawu opyapyala amathera m'masamba a nthochi, koma besi imakwawa pansi, imazungulira phiri, n'kukaitana amene simudawaitane.

Ife a kuno, tinene zoona, phwando timaliyeza ndi besi: ikapanda kugunda pachifuwa, timati mwini phwando ndi woumira. N'chifukwa chake zinthu zidavuta chaka chatha pa ukwati wa mtsikana wina wa ku Mongue, dzina lake Zulmira. Dzuwa lili paliwombo, bwalo litadzaza, malume ake a mkwatibwi, a Nicolau, adafika pa tebulo la makina thukuta lili kamukamu.

"Compadre, kodi anthuwa tawaitanira maliro? Kwezani chinthucho, a ku Molumbo amve kuti mwana wa mlongo wanga wakwatiwa!"

"A ku Molumbo sindikuwaopa ayi, compadre," adayankha a Damião. "Ndikuopa a kuseri kwa phiriko. Vinirani pafupi ndi sipika, mumva bwinobwino."

A Nicolau adatambasula dzanja kuti apotokole okha, koma a Damião adaphimba kabataniko ndi chikhatho, nati munthu akakakamira, iwo azula waya ku batire, pronto, nkhani yatha. Anthu adavina ndithu, koma monyinyirika, ndipo mbiri idawanda m'misika yonse kuti Senhor Tsitsani ndi wamantha, wachititsa manyazi banja la eni ake. Owaitana adachepa. Inu Dona Januária mukudziwa kuposa ife mawu amene munkalandira pachitsime, ndipo amuna anu atisiya dzina loipalo likadali pamutu pawo.

Lero m'mawa pa nyumba ya maliro padafika mayi Berta, msuweni wake wa Zulmira, amene adagwidwa ndi anthu a mfuti ukwatiwo utatsala pang'ono, ndipo angobwerera kumene kuchokera kuthengo. Atamva za dzina limene malemu adapatsidwa ndi chifukwa chake, adapempha kulankhula pamaso pa akuluakulu a bungwe.

"Loweruka limenelo ine ndidali kuseri kwa phiri lomwelo, nditasenza katundu wawo," adatero mayiwo. "Adatikhazika pamtsinje kuti apume, akufunsana kuti kodi anthu a dera lino athawira kuti. Inetu ndinkadziwa kuti lero ndi ukwati wa Zulmira. Ndidangotsinzina, kudikira kuti besi igunde, anthuwo atembenukire kumudzi. Kudali zii, njiwa zokha. Atapuma adanyamuka, ife patsogolo, n'kulowera kwina. Masiku onsewa ndakhala ndikuganiza kuti ukwatiwo udalephereka."

A Nicolau adali pomwepo. Atamva zimenezi, adapempha kuti ngati banja lilola, iwo agwire khasu pamodzi ndi adzukulu okumba manda. Pempholi tikulitula kwa inu, ndipo chimene mugamule tidzachilemekeza.

Zikutiwawa kuti a Damião sadamve mawu a mayi Berta ndi makutu awo, koma paja mawu a akulu akoma akagonera. Choncho tikulengeza poyera, kuti aliyense m'boma lino amve, kuti amuna anu sadali amantha, koma munthu amene adalolera kutaya mbiri yake kuti ateteze miyoyo ya omwe ankamunyoza. Tikuthokoza Mulungu amene adatibwereka munthu wotere, ndipo tikuthokoza inu amene mudasenza naye chitonzo osadandaula.

M'malo mwa mamembala onse a bungweli, amene ali kuno ndi amene adathawira kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, tikupepesa kuchokera pansi pa mtima, ndipo tikupempha Mwini moyo akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa. Mawa kumanda mukakweza maso, mudzaona khamu la anthu a ku Mongue amene anyamuka kale wapansi, pakati pawo Zulmira ali ndi khanda kumsana. Muwayang'ane bwino, Dona Januária, mmodzimmodzi. Onsewo, kupatula khandalo, adali pabwalo lija.

Florentino Nahipa
Wapampando wa Bungwe