Timitengo ta a Chisoti

Lolemba, 8 Julaye

A Wallace abweranso, aja a njinga yamoto amene amanyamula amayi akaweruka kuchipatala. M'buku muno akhala a Chisoti, chifukwa chisoti chawocho savula ngakhale pomwa tiyi. Lero abwera ndi chiguduli chonyowa kuchokera kwawo ku Misuku. M'katimo timitengo tinayi topanda tsamba, topanda dothi, mizu ili nyankhalala ngati tsitsi la munthu wongodzuka kumene. Akuti ndi mapichesi. Ine ndaona zikwapu.

"Mnyamata, upande msanga, mizu isaume."

Kuno kupanda ndi kudzala. Kwathu ku Mulanje kupanda ndi kumenya. Ndayankha mwaulemu kuti, "Ndipanda ndithu, musadandaule." Amayi andiyang'ana cham'mbali.

Lachiwiri, 9 Julaye

Ndafunsa aphunzitsi a zaulimi kuti pichesi amayamba liti kubereka. Akuti pamapita zaka. Koma amayi anandilonjeza kuti ku Chitipa tingokhala chaka chino basi, kenako tibwerera kwathu. Munthu wosamuka Disembala amadzala tomato.

Timitengo tikadali m'chiguduli. Ndanamizira homuweki.

Lachitatu, 10 Julaye

Mayenje ndakumba, manyowa ndathira. Amayi atapita kuntchito ndafukula timitengo m'chiguduli n'kutiyanika padenga la bafa, mizu iwothe dzuwa ndi mphepo ya kuno, yomwe imang'amba ndi milomo yomwe. Pochokera kusukulu ndakwirira bwinobwino, n'kuthirira mochita kuonetsa.

Amayi akuti, "Wakula mwana wanga." Ine ndangoweramira mbale yanga ya mbatata.

Loweruka, 13 Julaye

Amayi ayamba kunena "yewo" m'malo mwa "zikomo". Zafika poipa.

Lachisanu, 19 Julaye

A Chisoti abwera kudzazonda odwala awo. Agwada pa kamtengo kalikonse n'kukanda khungwa ndi chikhadabo. Akuti m'kati mukakhala mobiriwira ndiye kuti moyo ulipo. Titatu tauma gwa. Kachinayi, ka pafupi ndi mpanda, kobiriwira. Kouma mutu ngati mwini wake.

Kenako azula kamodzi kakufako, aiyang'ana mizu, andiyang'ana ine.

"Mphepo ya ku Chitipa njoipa, eti mnyamata?"

"Njoipa kwambiri."

"Imavula ndi chiguduli chomwe."

Athera pomwepo, apita kukamwa tiyi. Bola akanandinenera. Munthu wokusungira chinsinsi usanamupemphe ndi wovuta kudana naye, koma ndikuyesetsa.

Lamulungu, 21 Julaye

Pochokera kutchalitchi amayi andiimitsa pakhonde ndisanavule n'komwe nsapato.

"Ndalankhula ndi amalume ako. Akuti ukhoza kukapitiriza sukulu ku Mulanje temu ikubwerayi. Ine ndikhala kuno. Abale a a Wallace adzabwera mwezi wamawa kudzakamba za ukwati."

"Munati chaka chimodzi."

"Ndinatero. Usankhe wekha, sindikukakamiza. Koma mitengo usamaphe, sinakulakwire. Denga la bafa limaoneka pawindo la mayi Towera."

Mayi Towera ndi oyandikana nafe nyumba, amuna awo ndi apolisi. Wapolisi weniweni pabanjapo ndamudziwa lero.

Amayi alowa kukasintha. Ine ndatsala pakhonde kuganiza za Mulanje, za anzanga, za bedi la kwa amalume logona atatu. Ndiye mbuzi ya kwa mayi Towera yabowola mpanda, yalunjika pa kamtengo kamoyo kaja, khosi tasa. Ndimati ndingoonerera.

Ndazindikira mbuzi ikulira pamsewu, nsapato yanga imodzi ili kuseri kwa mpanda.