Handiredi ya pa Kapepala ka Malemu

Loweruka, 8 Julayi 2023

Lero ndiye ndaonetsa kuti Debora sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndilembe msanga kukoma kwake kusanathe.

Nkhani ndi ya munda wa tiyi wa apongozi anga, a Alesi. Chimwalirireni amuna awo akhala akudandaula kuti a Amosi, amene munda wawo uli chakumunsi kwa wathu, akusendeza malire pang'onopang'ono. Sabata yatha anapeza kapepala m'sutikesi ya malemu, ka 1974, kofiirira ngati fodya: "Mulitali 100, mulifupi 40." Basi. Anaitana komiti ya kalabu ya alimi a tiyi, ndipo ine mkamwini wophunzira ndinatsetsereka ndi foni yanga.

Foni yomweyi imene Debora ankati itayidwe m'chimbudzi. Ndinaisintha ndekha galasi ndi batire, kenako ndinaikamo pulogalamu yoyezera malo. Umangoyenda nayo, iyo n'kumawerenga. Ndayenda kuchokera pa mtengo wa mapeyala mpaka pa khonje wa m'malire: mamita 91 ndi kakanthu. Ndabwereza, yomweyo. Ndakweza foni m'mwamba kuti aliyense aone. Pa 100 paja pakusowa pafupifupi mamita 9, imene ili mizere isanu ndi iwiri ya tiyi wa a Amosi.

A Amosi ndi munthu wamkulu, anagwira ukapitawo ku esiteti mpaka kupuma. Abwera ndi ndodo yawo, yakuda bii ndi thukuta la m'manja. Akuti, "Aphunzitsi, tayezani ndi iyi. Ndi imene tinayezera ndi malemu." Ine pakamwa pangapa: "Agogo, ndodo ndi yoyendera. Iyi ikuyankhula ndi satelaiti kumwambako." Anthu aseka mpaka kugwirana. A Blackson, tcheyamani wa komiti, agamula kuti Loweruka likudzali khonje azulidwe, akabzalidwe mizere isanu ndi iwiri kumunsi.

Apongozi apha tambala, ndipo nthutumba aika m'mbale mwanga. Zaka zinayi ndili pakhomo pano sindinailawepo.

Lamulungu, 9 Julayi

Ku tchalitchi benchi ya a Amosi inali ndi malo ambiri, koma anthu amapanikizana kumbuyo. Linali tsiku lawo lowerenga mawu, awerenga ena. Potuluka ndamva amayi ena akuti, "Mkulu wa mpingo wakuba mizere."

Pamsewu apongozi awalalatira a Amosi m'Chilomwe, mpango utamangidwa m'chiuno. Ine wa ku Ntchisi sindinatolepo kanthu, ndipo Debora wakana kundimasulira. A Amosi anangovula chipewa n'kumamvetsera ngati akuuzidwa za maliro. Sizinandikomere kwenikweni, koma wakuba ndi wakuba.

Lachiwiri, 11 Julayi

Chiperoni chakwiya. Kuchokera pasukulu ngakhale chumuni cha fakitale sichikuoneka.

Mawa Sitandade 6 tiyamba miyeso, ndiye ndimawerenga pa foni kumene inachokera. Zoseketsa. Akuti phazi linali phazi lenileni la munthu. Yadi ena amati inali kuchokera pamphuno ya mfumu ina ya ku Mangalande mpaka kunsonga ya chala chake itatambasula mkono. Nanga mfumuyo ikanakhala ya mphuno ngati ya ahedi athu? Mita ndiye ya anthu oganiza: Afalansa anayeza dziko lenilenilo, kuchokera kunsonga kwake mpaka pakati, n'kugawa ka mamiliyoni khumi. Ndakonza zoti ndikawauze ana nkhani ya ndodo ya a Amosi ngati chitsanzo cha miyeso yachikale. Akaseka.

Lachitatu, 12 Julayi

Sindikudziwa poyambira.

Pa buleki ndinali mu ofesi ya aphunzitsi, tiyi m'kapu, zala zikuyabwa monga mwa masiku onse. Ndinalowa m'kati mwa pulogalamu yoyezera ija kuti ndione zina zomwe imachita. Pali posankha: mamita, mapazi, mayadi. Ndinati ndidine mayadi, ndione mphuno ya mfumu ija. Muyeso wa Loweruka unali udakalipo. Pamene panali 91 ndi kakanthu panalembeka 100. Ndendende.

Ndinabwezera ku mamita, 91. Mayadi, 100. Ndinachita zimenezi mwina kakhumi, ngati foni isintha maganizo. Kenako ndinakumbukira mulifupi. Loweruka lija ndinayezanso mulifupi, munatuluka 36 ndi theka m'malo mwa 40, koma poti mbali imeneyo ndi ya msewu ndipo msewu sungabe munda, ndinangoti foni yaphonya pang'ono, osauza munthu. Lero pa mayadi yatuluka 40.

Mu 1974 ankayeza mayadi. Ndimadziwa zimenezi, ndinawerenga dzulo lomweli, ndimaphunzitsa ana. Malemu sanalembe kuti mamita. Mamitawo ndinaikapo ndine ndi pakamwa panga.

Tiyi anapola m'kapu. M'kalasi ndinangolemba masamu pa bolodi n'kukhala pansi, nkhani ya ndodo sindinaitchule. Munthu uja sanabe ngakhale tsamba limodzi.

Lachinayi, 13 Julayi

Sindinauze aliyense. Apongozi atumiza mbatata yootcha, akuti ya aphunzitsi. Sindinaidye.

Lachisanu, 14 Julayi

Poweruka ndinadzera njira ya kumunsi, sindikudziwa kuti ndimafunanji. Ndinawapeza a Amosi ali m'mizere isanu ndi iwiri ija, akudulira tiyi. Mizere imene mawa akulandidwa. Ndinawalonjera, anayankha bwinobwino, zimene zinandipweteka kuposa akanandilalatira.

Ndinafunsa kuti akuvutikiranji. Akuti, "Nyengo yodulira ndi ino, aphunzitsi. Akamatenga a Alesi amupeze ali bwino. Ndinabzala ndi manja anga uyu."

Ndodo inali itatsamira pa chitsamba. Ndinapempha kuti ndiione, ndinatulutsa rula m'chikwama n'kuyeza. Masentimita 91 ndi kakanthu. Anaipatsidwa ku esiteti ali mnyamata, akuti, ndipo sinadulidwepo. Ndinafunsa mwakachetechete ngati akudziwa kusiyana kwa yadi ndi mita. Anandiyang'ana modabwa. "Si chimodzimodzi? Ife tinkangoti boma lasintha dzina, ngati mmene anachitira ndi ndalama." Ndiye kuti sabata yonseyi akhala akuganiza kuti mwina analakwitsa ndi iwowo kalekale. Anachita kunena okha: "Kapena tinawerenga molumpha ndi malemu, tinali anyamata."

Apa ndiye poipa. Palibe amene akudziwa, ngakhale mwini wake. Nditati ndikhale chete, mawa khonje asuntha, ine ndikhalabe mkamwini wa satelaiti. Ndinabweza ndodo, ndinatsanzika, ndinachoka. Ndikulemba kuti ndisadzadzinamize m'tsogolo: mpata unalipo, ndinathawa.

Kunyumba ndinamuonetsa Debora, mamita, mayadi, mamita, mayadi. Anakhala pa mpando. Kenako: "Amayi atukwana munthu wamkulu pamsewu chifukwa cha inu. Mukudziwa zimene ananena zija? Anatchula mpaka mayi awo a a Amosi amene ali kumanda." Ndinamupempha kuti akawauze ndi iyeyo, poti nkhani zanga kwa apongozi zimadzera mwa iye. Wakana. "Pokweza foni m'mwamba munadzera mwa ine?"

Ndinapita. Apongozi amasenda nandolo pakhonde, dzuwa likupendeka. Ndinanjuta chapatali n'kufotokoza zonse, maso ali pansi. Manja awo anasiya kusenda. Kenako anafunsa, "Ndiye a Amosi sanabe?" Ndinati sanabe. "Nanga ine ndiyenda bwanji pamsewu, a Everson?" Ananyamula lichero n'kulowa m'nyumba. Chikwatirire sanayambe anditchulapo dzina, ndakhala ndili aphunzitsi.

Loweruka, 15 Julayi

Anthu anabwera ambiri kuposa sabata yatha, ena ndi makasu ozulira khonje. Apongozi sindinawaone. A Blackson atangotsegula ndi pemphero ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Mawu anatuluka aang'ono, moti wina kumbuyo anakuwa kuti aphunzitsi akweze, sabata yatha paja amamveka mpaka ku fakitale.

Ndinakweza. Ndinati kapepala kananena mayadi, ine ndinayeza mamita, mita ndi yayitali kuposa yadi, malire ali pamalo pake. Ndinati a Amosi sanabe, ndipo ndinawanyoza pagulu popanda chifukwa.

A Blackson akuti, "Ndiye satelaiti inanama?" Ndinati ayi, inayankha zimene ndinaifunsa, wopusa ndinali ine. Ena anaseka, ena anang'ung'udza. Bambo wina anati mwina a Amosi andinyengerera, nanga foni isinthe mawu pa sabata imodzi? Ndinayamba kutulutsa foni kuti ndiwaonetse, koma a Amosi anandigwira dzanja. Anandipatsa ndodo.

"Tayezani ndi iyi, aphunzitsi."

Mawu omwe aja a sabata yatha. Ndinapinda buluku. Kuyambira pa mtengo wa mapeyala, kugoneka ndodo, kuika chala kunsonga, kuisendeza, kugonekanso. Gulu likuwerenga mokweza ngati Sitandade 1. Mame ananyowetsa malaya, nthambi zodulidwa zinandikala m'mikono, pofika 40 msana unali utayamba kulira. Palibe anandithandiza ndipo sindikanalola. Pa 70 kuseka kunali kutatha. Pa 99 ndinaona khonje ali pamphuno panga. Ndinagoneka komaliza, nsonga ya ndodo inakagunda patsinde pake.

"Handiredi," anatero a Blackson, chapansipansi.

Nditadzuka ndinaona apongozi. Kaya anafika nthawi yanji. Anadutsa pakati pa anthu osandiyang'ana, anakagwada m'matope patsogolo pa a Amosi, mayi wamkulu ngati uja, n'kuyamba kuyankhula m'Chilomwe. Amene anawagwaditsa pamenepo ndine. Sindinapemphe kuti wina andimasulire. A Amosi anavula chipewa, anawadzutsa ndi manja awiri.

A Blackson akuti mawa ndikaimirirenso m'tchalitchi, poti benchi ija sinamve. Ndavomera.

Anthu akubalalika ndinapukuta ndodo ndi malaya kuti ndibweze. A Amosi anakana kulandira. "Mukawaonetse ana Lolemba, adziwe yadi. Lachiwiri ibwere, ndili nayo ntchito." Anatembenuka n'kulowa m'mizere yawo, pang'onopang'ono, akugwirira zitsamba poti analibe choyendera.

Ndodo ija ili pakona apa. Apongozi sanandiyankhulebe. Debora akuti ndisayerekeze kuikonza chilichonse.