Masekondi Makumi Anayi

Lachiwiri, 4 Malichi

Bambo atisiya Loweruka masana. Sindinalirebe bwinobwino. Mutu uli pa masekondi makumi anayi basi.

Achemwali ali kutali, ndege sinapezeke. Ine, mwini ntchito yoonetsa misonkhano pa intaneti, ndinati musadandaule, muwaona pompopompo. Kamera pa mpando, laputopu pa windo la chipinda cha Bambo.

Njira zilipo ziwiri. Ina imaponya chithunzi nthawi yomweyo, koma netiweki ikafooka chimadukaduka. Inayo imadula kanema m'tizidutswa, n'kutumiza kamodzikamodzi. Makina a woonera amayamba aunjika tingapo asanaonetse. Chithunzi choyera, koma chochedwa ndi masekondi makumi anayi. Ndinasankha yachiwiriyo. Matama. Kuopa kuti abale anganene kuti katswiri uja ntchito yamukanika.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndilembe mmene zinayendera, mwina mtima utsika.

Achemwali ankaonera pa laputopu yawo, koma kulankhula ankalankhula pa foni yanga, pafupi ndi khutu la Bambo. Mawu a pa foni sachedwa. Ndinawauza azimitse sipika ya laputopu, inenso ndinatseka maiki ya foni, kuopa phokoso lobwereza. Ndiye za m'chipindamo sankamva kanthu.

Bambo anatsegula maso. Kenako mpweya unatha. Amayi anagwira pakamwa. Ine ndinazimitsa kamera. Pamenepo m'pamene foni inayamba: "Bambo, ndikhululukireni, ndinachoka tisanagwirizane." Zaka zisanu ndi ziwiri akusunga mawu amenewo. Kwa iwo tizidutswa tinali tikubwerabe. Atangomaliza kunena, anaona maso akutseguka.

Lamlungu, 9 Malichi

Achemwali aimbanso. "Anandimva, iwe! Unaona maso aja?" Ndinangoti eee. Bodza la chilembo chimodzi, koma kulemera kwake.

Amayi akupinda malaya a Bambo, osandiyang'ana: "Usamuuze mwana wanga zamawaya zakozo."

Lachitatu, 12 Malichi

Kuntchito. Msonkhano wa aphunzitsi. Wina anakweza dzanja mu holo, ine n'kuyang'ana pa sikirini: dzanja likadali pa bondo. Ndinawerenga mpaka linakwera. Ndinatuluka kukasamba kumaso.

Achemwali akufuna kanema yense. Ati amve mawu awo ndi kuona maso aja pamodzi. Mawu awo mulibemo, ankalankhula kamera itazima kale. Ndawauza kuti failo ikuvuta. Chiyambire ntchitoyi sindinatayepo failo, iwonso akudziwa.

Loweruka, 15 Malichi

Sabata ziwiri. Lero ndalimba mtima, ndatsegula kanema uja, mahedifoni m'makutu.

Fani ikuzungulira. Supuni m'kapu. Kenako Amayi, chapansipansi: "Bambo ake, mwana wanu wamkazi uja ali pa foni." Maso aja ndi pamenepo. Anatembenukira kumene kunali foni, milomo ikuyesa kunena kanthu. Tsiku lija sindinazione. Ndinali kuyang'ana ngati netiweki ikukwana.

Ndabwereza kasanu. Ndalira mpaka mahedifoni kunyowa.

Kupepesa kuja sanakumve, ndipo wolakwa ndine. Ndikanasankha njira yodukaduka ija, achemwali akanaona maso ali otsegula, akanalankhula nthawi ikadalipo.

Ndatumiza failo yonse, osadula kalikonse. Pansi pake ndalemba: "Achemwali, kwezani voliyumu. Mukatha mundiimbire, ndili ndi mlandu."

Yafika. Aitsegula. Pakuoneka kuti akulemba, asiya, ayambanso.

Foni ikulira.