Jenereta M'sitolo, a Sipanala Pampanda

Lolemba, 7 Okutobala

Jenereta yafika. Yofiira, msinkhu ngati mwana wa mbuzi. Magetsi masiku ano akumathawa m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo mankhwala a shuga a Amayi sagwirizana ndi kutentha. Firiji ikagona, jakisoni wawo ndiye wapita. Chifukwa chake n'chomwecho, si zamatama.

Ndisanamalize n'komwe kung'amba katoni, mutu uwo pamwamba pa mpanda. Aneba aja anasamukira kuno mwezi wathawu, amene madamu anawatcha a Sipanala poti m'thumba mwawo simusowa chitsulo. "Yabwinotu iyi, aphunzitsi. Oyilo mwathira? Zimabwera zouma zimenezi." Akulankhula ndi ine, maso ali pa jenereta. Woyamikira mbuzi ya mnzake amakhala atanola kale mpeni.

Oyilo ndathira. Osati chifukwa cha iwo. Kabuku ka jenereta nakonso kakutero.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Ndilembe ndisaiwale. Oyilo, yeza. Kampopi ka petulo, tsegula. Choki, tseka. Chingwe, koka pang'onopang'ono mpaka chilimbe, kenaka kamodzi mwamphamvu. Ikalira, bweza choki. Firiji lumikiza pomaliza.

Papepala n'zosavuta. Ine mwini digiri ndakoka kakhumi n'kanayi, phewa kuchita kuyaka, iyo ili duu ngati mwana wa m'kalasi wosawerenga. Kumpanda: "Swichi, aphunzitsi." Inalidi yozimitsa.

Anaiona bwanji ali kutali konseko? Kaswichi kochepa ngati chikhadabo. Munthu ameneyu akuiloweza jenereta yanga.

Lachitatu, 9 Okutobala

Petulo anatha masana. Ndangogwira chigubu kuti ndiwonjezere, mfuu: "Imani kaye! Izizire! Dontho limodzi pachitsulo chotenthacho, nsidze mulibe." Ndinaima. Nsidze ndimazifuna.

Kenaka anawonjezera, ndipo apa ndadula mzere kunsi: "Muziiimika panja nthawi zonse, kutali ndi mawindo. Pansi pa mtengo apo m'pabwino."

Panja. Pansi pa mtengo. Mtengo umene uli mapazi atatu kuchokera pampanda wawo. Masana ine ndili kusukulu, madamu ali kuntchito, pakhomo patsala Amayi amene akagona ngakhale ng'oma saimva. Anangotsala kundiuza kuti ndiziwaikira ndi wilibala pambali.

Madamu akuti, "Bambo, inu mukanakhala wapolisi bwenzi tonse tili m'ndende." Ndawayankha kuti akadzandithokoza asadzachite manyazi.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndailowetsa m'sitolo, kachipinda ka makasu ndi zitini za penti kaja. Loko watsopano pachitseko. Kazenera ndatseka n'kukhomera msomali, poti mkono wa munthu utha kulowapo. Waya wa firiji ndadutsitsa pamwamba pa khoma lolekanitsa sitolo ndi chipinda cha Amayi, mwayi wake silinafike kudenga.

Panja phokoso lachepa. Amayi akuti kulira kwake kukuwagoneka bwino, ngati ali m'basi.

Kumpanda lero zii. Nkhuku yalowa m'khola, mphamba wasowa chonena.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndapeza Amayi atamanga mpango pachipumi. Mutu, chizungulire, mseru. Ndawayeza shuga, ali bwinobwino. Kamakina kangathe kunama, koma Amayi ndi masiwiti ndimawadziwa kuyambira kale. Atapita kubafa ndinapisa m'chikwama chawo: mipango iwiri, buku la nyimbo, chipeso, batani. Anandipeza dzanja lili momwemo.

"Iwe, chikwama chimenecho bambo ako anamwalira asanaone mkati mwake."

Ndinafunsa madamu ngati akumawathirira shuga mu tiyi mondibisira. Anandifunsa ngati nawonso ndiwakhomere msomali.

M'nyumba muno muli wina akundinamiza.

Loweruka, 12 Okutobala

A Sipanala: "Ija mwaika kuti, aphunzitsi? Ikumveka ngati ili m'thumba." Ndati ili pabwino. Anatsegula pakamwa, ine n'kulowa m'nyumba. Afufuze okha.

Lamulungu, 13 Okutobala

Magetsi sanazime kuyambira dzulo masana mpaka lero, jenereta yapuma. Amayi ali gwa, ayimba, akangana ndi wailesi, adzudzula kametedwe kanga. Mwaona? Masiku awiri ndili pakhomo ndikulondera, mutu wapola. Ndiye wina adzati si masiwiti.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndikulemba pabenchi ya kuchipatala.

Magetsi anazima m'mawa. Pa nthawi yopuma ndinathamangira kunyumba, n'kuiliza kamodzi kokha, mpaka kudzitama mumtima. Ndinakhoma loko, n'kubwerera. Ndili pakati pa phunziro, ahedi pakhomo la kalasi: "Siyani choko, mayi anu ali kuchipatala."

Nkhani ndaimva kwa a Sipanala eniake, amene ndinawapeza pano malaya ali chonyowa ndi thukuta. Akuti kuyambira Loweruka mtima wawo sunakhale m'malo. Lero atamva ikulira mobanika analumpha mpanda, anazungulira kuseri, n'kuona kazenera kokhomera. Anagogoda kwa Amayi, zii. Anasuzumira pawindo: ali pansi pambali pa bedi, nsapato imodzi kuphazi. Anathyola chitseko cha kukhitchini, anawakokera pabwalo, kenaka anaphwanya loko wanga n'kuzimitsa injini atagwira mpweya. Galimoto yowabweretsa kuno anaimitsa pamsewu.

Ndipo ine, mwana wobadwa yekha wa mayi ameneyu, funso langa loyamba linali lakuti, "Munalowa bwanji?" Linatuluka lokha. Madamu anatseka maso.

Adokotala ndi mtsikana woti ndikanatha kumuphunzitsa. Akuti mu utsi wa injini muli mpweya wopanda fungo, wosaoneka, umene m'chipinda chotseka umagoneka munthu osadzukanso. Akuti mutu wa Lachisanu uja unali chenjezo. "Anaika injini m'nyumba ndani?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe womuganizira.

"Ndine."

Amayi ali ndi chophimba cha mpweya kumaso. Atsegula maso kawiri.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Alankhula. Mawu oyamba: "Nsapato yanga ina ili kuti?" Achiwiri, kwa madamu: "Uyu musamusiye yekha ndi zinthu za anthu akuluakulu."

Ndinalira m'khonde, pafupi ndi ndowa ya mopu.

Lachinayi, 17 Okutobala

Amayi atuluka dzulo. Msomali ndazula, mawindo onse ali pululu.

M'mawa ndinapita kwa a Sipanala, kudzera pageti ngati munthu. Mawu ndinakonza usiku wonse ngati a pamsonkhano wa makolo, koma ndisanafike pakati anandidula. "Zisiyeni izo, aphunzitsi. Koma loko uja anakuberani. Ndinangomumenya kamodzi."

Jenereta tainyamula awiri mpaka pansi pa mtengo. Anayeza ndi mapazi kuchokera pawindo la Amayi, akuti pakuchepa, tinasunthanso. Paipi ya utsi ailozetsa kumsewu. Pamwamba aikapo lata pa mitengo inayi, m'mbali monse mwapululu. Tcheni abweretsa chawo, chonenepa ngati cha sitima, ndi loko wa makiyi awiri.

"Masana ndimakhala pano. Ikatsokomola ndimva."

Ndinaima ndi makiyi onse awiri m'manja, ndikuwatembenuza. Pawindo, Amayi atakhala pampando, tiyi wopanda shuga m'manja: "Iwe, ukuwerenga chiyani? Apatse bambowo."

Ndawapatsa imodzi. Popita kusukulu ndacheuka kawiri kokha.