Zaki Akusewerabe

Lolemba, 11 Juni 2007

Seva, kompyuta yolumikiza osewera, yadzuka lero. Mapulogalamu a chesi a anthu akunja ayamba kulowa n'kumamenyana okhaokha, ine n'kumangoonerera. Wina wa ku Poland, wina wa ku Brazil, onsewo kudzakumana kuno ku Area 25, m'kakafe kathu ka intaneti kodontha denga. Ntchitoyi tinaiyamba awiri ndi Zaki, mnzanga wa bizinesi. Ndaimaliza ndekha, mwini nzeru ali m'manda. Malungo omwewa.

Pulogalamu yomwe analemba yekha ndailumikizanso. Imakhala m'kompyuta yake yakale ya pakona, yomwe sinazimepo chimwalirireni iye. Ankati disiki yake inatha kalekale, ikangozima basi sidzadzukanso, n'chifukwa chake anaimangirira ku mabatire a galimoto. Pakati pa mayina a osewera palembedwa "zaki". Ndinaliyang'ana dzinalo mpaka tiyi kuzizira.

Lachiwiri, 12 Juni

Yapambana masewera onse. Mwini wake ali moyo inkangokwapulidwa, iye n'kumanamizira netiweki. Lero ndiye yadya chiyani?

Lachinayi, 14 Juni

Kunabwera a Abdullah, malume ake a Zaki. Anakana mpando. Akuti Loweruka la sabata yamawa ndi arobaini, sadaka ya malemu, ndipo akatha kudya abale adzagawana katundu wake. Kompyuta ikapezeke kunyumba ku Kawale Lachisanu la sabata yomweyo.

Ndinawafotokozera za disiki, kuti ikazima ndiye kuti ntchito yonse ya mphwawo yafera momwemo. Anasuzumira pa sikirini, n'kuona dzina.

"Ameneyu akuyendetsa tizidoleti ndani?"

Ndinati palibe, imayenda yokha.

"Ndiye mukuona bwino, achemwali, munthu tinamuika m'manda koma dzina lake likugwirabe ntchito?"

Ndinapsa mtima koma ndinangomeza.

Lachisanu, 15 Juni

Masana, atangoyamba kuitana ku mzikiti wa kuseri kwathuku, zaki anaima. Wotchi yake ya masewera ikutha, iye osasuntha kanthu. Ndinayesa netiweki, ili bwinobwino. Anthu atayamba kutuluka mu mzikiti, hatchi yake ya chesi inadumpha, masewera n'kupitirira.

Mwina anaikonza dala kuti izimudikira akapita ku swala, asaphonye kanthu. Ndi khalidwe lake limenelo. Ndadziuza choncho tsiku lonse.

Loweruka, 16 Juni

Ndayesa kukopera pulogalamuyo pa CD. Ikufuna pasiwedi. Ndalemba dzina la amayi ake, timu yake ya mpira, ngakhale langa, mopanda manyazi. Zonse yakana, ndipo disiki inayamba kulira kuti tche tche tche, ndinachita kuchotsa manja.

Mzungu wa ku Poland uja walemba uthenga. Akufunsa Zaki kuti wasintha chiyani sabata ino, poti pulogalamu yake yayamba kusewera ngati munthu. Sindinamuyankhe. Ndimuuze kuti chiyani?

Lolemba, 18 Juni

Lero woitana ku mzikiti anachedwa. Magetsi anazima, chimkuzamawu chawo sichinalire pa nthawi yake. Kwathu kuno mabatire anagwira, ndipo ndinakhala dala pakona paja kuti ndione. Nthawi ya masiku onse inakwana, zaki akungosewera. Inapitirira, akungosewera. Kenaka bambo uja anakwera pakhonde n'kuitana ndi pakamwa chabe, mawu akumvekera patali. Pomwepo zaki anaima.

Kompyutayi ilibe maikolofoni. Ndayang'ana kumbuyo konse.

Ndikuopa. Ndilembe poyera, ndikuopa, koma sindikufuna izime.

Lachiwiri, 19 Juni

Eness wa saluni ya pafupi akuti ndiitane abusa. Ndinamufunsa kuti abusa a CCAP adzamuuza chiyani Msilamu, tinaseka, koma iye anasekera pakhomo, sanalowe. Makasitomala nawonso ayamba kuusiya mpando woyandikana ndi pakona. Palibe amene ndinamuuza kanthu.

Lachitatu, 20 Juni

Ndinadzimva ndikunena kuti "wadzuka bwanji" potsegula chitseko.

Lachinayi, 21 Juni

Ndinaganiza zowapatsa a Abdullah kompyuta ina, yatsopano, yoposa iyi kutalitali. Ndinawaimbira. Akuti sakufuna yabwino, akufuna ya mwana wawo. Mawa m'mawa abwera.

Ndakhala pakona madzulo onse mpaka nthawi yotseka. Ndinamukalipira ngati kale, kuti iwe Zaki, munthu wanji wosasiyira mnzake pasiwedi. Pa sikirini anangodya bishopu wa ku Brazil.

Lachisanu, 22 Juni

Sanabwere a Abdullah. Anabwera amayi ake a Zaki, a Mwanabibi, okha, pa minibasi. Anavula nsapato pakhomo ngati akulowa m'nyumba ya munthu. Ndinawapatsa mpando wa pakona, anakhala, manja pamiyendo.

"Ali mbali iti, mwanangu?"

Ndinawalozera tizidole toyera pa sikirini. Anaonerera nthawi yaitali, chesi osaidziwa n'komwe. Anafunsa ngati akupambana. Ndinati eya, Amayi, watsala pang'ono. Ndinapempha kuti tidikire amalize, anapukusa mutu.

"Kate, tsiku lija anamunyamula azibambo. Ife azimayi kumanda sitipita, tinatsala pakhomo. Ndinangoona msana wa anthu akukhota pa msewu. Kuno ndimuperekeza ndine. Ndionetse pogwira."

Ndinawagwira chala n'kuchiika pa batani. Chinali chozizira. Ananong'ona mawu a Chiarabu, n'kudina. Fani inazungulira pang'ono, n'kuima. Sindinadziwe kuti chipinda chija chimakhala chete chonchi.

Pa sikirini ya seva dzina linali likadalipo, wotchi yake ikutha. Kenaka mfumukazi yoyera inasuntha. Kompyuta ili chizimire, nthambo yake nditaizula kale, ili m'manja mwanga. Netiweki yathu imachedwa, ndikudziwa. Imachedwa ndithu.

"Wati chiyani?" anafunsa Amayi.

Ndinati wamaliza. Dzina linachoka.

Anamasula chitenje chakunja, n'kuwerama, n'kundiuza kuti ndiwaikire kompyutayo kumsana. Ndinati ndi yolemera, ndikaitane wa njinga. Anati anamuberekapo ali wolemera kuposa apa. Ndinawaikira, anamanga mfundo pachifuwa, n'kuvala nsapato zawo. Ndinaima pakhomo mpaka anakhota pa msewu.